Nkhuku Imene Ndinakana ku Ayalandi

Bweretsani kuno lichero la nandololo, manja azisenda pakamwa pakugwira ntchito yake. Iwe Mphatso, foniyo ika pansi, siithawa. Nawe Yamikani usandiyang'ane ngati sukudziwa kanthu, mayi ako andiuza kale kuti masiku ano ukungolota pasipoti. Akuti umati, "Agogo anakwerapo ndege, ine ndilekerenji?" Eya, ndinakweradi. Ndinapita ku Ayalandi kwa mayi anu aang'ono a Lusiya, ndipo ndinabwerako nthawi isanakwane. Anthu m'mudzi muno amati chinandibweza ndi chisanu.

Chisanu? Ine, mwana wa kunsi kwa phiri? Ndathyola tiyi ku esiteti kuyambira ndili mtsikana, chiperoni chikuwaza, dengu kumsana, zala zitauma gwa, kapitawo akukuwa kumbuyo. Inu a masiku ano kumwamba kukangochita kamtambo mwavala kale majekete awiriawiri. Chisanu kumeneko chiliko, sindikana, koma chimene chinandibweza ndi china.

Lusiya anandiimbira foni ali woyembekezera mwana wake woyamba. Anati, "Amayi, mubwere mudzakhale nafe mpaka mwana adzayambe kulankhula. Kuno mwana akangolowa ku mkombaphala ali khanda, Chichewa chathera pomwepo. Ine ndikufuna mawu ake oyamba adzakhale akwathu." Ndinavomera asanamalize n'komwe. Mwana wa mwana wanga wamkazi ndi wa mbumba ino, munda wa kutsidya uja ali ndi gawo lake, manda a makolo athu ndi akenso. Nanga adzafika bwanji pakhomo pano ngati odi sadzamudziwa? Ntchito imene ndinapitira ndi imeneyo, yokaika mawu m'kamwa mwa mdzukulu wanga.

Mukanaona katundu amene ndinalongedza! Ufa, nandolo wouma, makaka, usipa, kalongonda. Ndinakwera minibasi pa Thuchila, kondakitala akudandaula kuti gogo mwasamuka ndi nkhokwe yomwe. Pa Chonde anandiuza kuti chikwama chimodzi ndichikhalire. Zambiri mwa zimenezo anazitsakamiza a pabwalo la ndege ku Ayalandi, ananunkhiza usipa wanga ngati aona mankhwala a ufiti. Kalongonda yekha anadutsa, koma nayenso sindinamudye. Inu mukudziwa kuti kalongonda amafuna moto wa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthiranso ena, apo ayi amaledzeretsa munthu. Lusiya atangoona mphika uli pa magetsi kuyambira m'mawa, anagwira kumutu.

Zovuta zing'onozing'ono zinalipo zambiri. Tsiku lina ndinati ndikazinge mtedza, kabelu kochenjeza za utsi ka kudenga kanayamba kukuwa ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi, ine n'kuthawira kuchimbudzi ndi chiwaya changa. M'basi ndinkapereka moni kwa aliyense, wina n'kumwetulira pang'ono, wina n'kusuntha kukakhala pena. Nditaphika mbatata ndinatengako m'mbale kukagogoda kwa mayi wa khomo loyandikana nalo. Anatsegula kachitseko pang'ono chonchi, nandifunsa ngati kwagwa vuto. Dzuwa nalo la kumeneko ndi laulesi, m'nyengo yozizira limatuluka mochedwa n'kukalowa ana asanaweruke bwino kusukulu. Koma zonsezo ndinazizolowera. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho.

Chimene sindinachiganize ndili kuno ndi nyumba. Ine ndinkati anthu a kunja amakhala m'zinyumba zikuluzikulu monga ankakhalira azungu a ku esiteti. Ndinakapeza kanyumba ka pamwamba pa anzawo, kokwera ndi masitepe. Zipinda ziwiri, pabalaza pamene panalinso pophikira, kanjira kopapatiza koti anthu awiri sangapatukirane, ndi chimbudzi chimodzi. Panalibe khonde, panalibe kuseri, panalibe mtengo woti munthu n'kukhala pansi pake. Ndipo m'kanyumba kameneko munali akamwini anga.

Mukuseka? Inu simudziwa chipongozi, poti masiku ano mkamwini amafika n'kukhala pampando umodzi ndi apongozi ake, mwendo pa unzake, akuonera mpira. Kale sizinali choncho. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankalankhulana popanda wina wapakati. Malemu agogo anu aamuna, tsiku lina akuchokera kumunda, anaona mayi anga akubwera m'kanjira komweko. Anadziponya m'tchire, osaona kuti muli chitedze. Anakanda thupi mpaka madzulo, koma sanadandaule, ndipo mayi anga anawatama mpaka tsiku lomwalira kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu. Ine ndinakula ndikuona zimenezo. Sunali udani ayi, unali ulemu.

Tsono amuna a Lusiya ndi a pa Chonde pompa, oleredwa ndi agogo awo, munthu wa mwambo weniweni. Amati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, koma amenewa ayi. Tsiku limene ndinafika anabwera kudzandilandira pabwalo la ndege. Atangondiona ananjuta kuseri kwa kangolo ka zikwama, nkhope atayang'ana kumbali, akuomba m'manja. Inenso ndinagwada uku, nditafunda mpango kumaso. Azungu ankangotilambalala akutiyang'ana. Lusiya, ndi mimba yake, anati, "Amayi, dzukani, mutiitanira apolisi!" Mumtima ndinakondwa kwambiri tsiku limenelo.

Mwana anabadwa, wamkazi, Tamanda. Miyezi yoyamba zinkayenda, poti Lusiya anali pakhomo ndipo ankatiimira pakati. Ine ndikafuna mchere, "Lusiya, uwauze bambo a Tamanda mchere watha," iwo ali pomwepo kuseri kwa chitseko akumva. Koma tchuthi chake chitatha anabwerera kuntchito yake ya kuchipatala, ya masana. Amuna ake ankagwira ya usiku, kosamalira nkhalamba. Ndiye masana onse m'nyumba tinkatsala atatu: ine, khanda, ndi akamwini.

Tinapangana popanda kupangana. Iwo akafika pakhomo ankatsokomola, ine n'kunyamula mwana kulowa kuchipinda. Ine ndikafuna kutuluka ndinkakhosomolanso, iwo n'kutseka chitseko chawo. Chakudya ndinkawaikira patebulo n'kuvindikira, n'kugogoda pakhoma. Koma chimbudzi, ana inu! Chinali moyang'anana ndi chipinda chawo, ndipo madzi ake ukagujumula amalengeza nyumba yonse. Ndinasiya kumwa tiyi m'mawa, ine amene tiyi ndinakulira m'munda mwake. Lusiya ankakalipa. "Amayi, kuno si ku Thuchila. Inunso bambo a Tamanda, mwaphunzira sukulu yonseyi kuti muzibisala kuseri kwa filiji?" Ine ndinkamuyankha kuti mkamwini ndi mkamwini ngakhale mutasamukira kumwezi. Amuna akewo ankangoti, "Asiye amayi, akunena zoona."

Koma mwana uja, ha! Ndikamukumbuka mtima umandiwawa. Ndinkamubereka ndi chitenje changa cha maluwa ofiira n'kumazungulira naye pabalaza, ndikumuimbira nyimbo zimene tinkaimba pothyola tiyi. Ndinkamuonetsa zinthu: awa ndi madzi, ili ndi phala, iyi ndi mphuno ya agogo. M'mawa ndinkamudzutsa m'Chilomwe monga ankandidzutsira mayi anga, iye n'kumaseka ndi nkhama zokhazokha. Atayamba kukwawa, ndikati "bwera kuno" ankabwera. Ndikati "omba m'manja" ankaomba. Ndikati "siya icho!" ankandiyang'ana ndi diso lakuba n'kuchigwirabe, ngati iwe Mphatso. Mawu anali atalowa kale m'makutu, chinatsala n'kutuluka pakamwa basi.

Mwana wokwawa sasungika kuchipinda. Kuchipinda kwanga kunali kothina ndiponso kozizira, pamene pabalaza panali potakasuka, pali chotenthetsera. Ndiye tinayamba kukhala pabalaza kuyambira m'mawa, ndipo khomo lolowera m'nyumba linali pomwepo. Akamwini akatsokomola panja, ine ndinkayamba kuthamangitsa mwana pansi pa tebulo, kutola zidole, mwana akulira kukana kuchipinda. Patapita masiku ndinaona kuti m'mawa sakubweranso. Ankafika masana, mwana atagona, ine ndili naye kuchipinda. Ndinangoti mwina awonjezeredwa ntchito. Kufunsa sindikanafunsa, ndikanafunsa ndani?

M'mawa wina kunja kutayera mbuu ndi chisanu, ndinanyamula Tamanda kuti ndimuonetse pawindo. Nditayang'ana pansi ndinaona galimoto yawo yaima pamalo pake, magalasi atachita nthunzi. Ndinayang'anitsitsa. Munali munthu, atapinda miyendo pampando wakumbuyo, atafunda jekete kumutu. Mwana wa eni, wagwira ntchito usiku wonse kunyamula nkhalamba za azungu, akugona m'galimoto pakhomo pa nyumba imene akulipira yekha, kuti apongozi ake ndi mwana asasokonezeke pofunda. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, mwana akundigwira kumaso.

Madzulo ndinamuuza Lusiya. Iyenso sankadziwa. Anawafunsa amuna ake, iwo anati n'zamasiku ochepa chabe, koma chifuwa chawo chinkanena zina. Sabata isanathe anawagoneka m'chipatala ndi chibayo. Lusiya pobwera kowaona sanakhale n'kukhala komwe. Anaima pakati pa balaza ndi jekete lake lonyowa nati, "Ulemu wanuwu, inu awiri, undiphera mwamuna." Mwana wanga sanandilankhulepo choncho chibadwire. Koma ankanena zoona.

Atatuluka m'chipatala, Lamulungu lina masana, ndinamva kugogoda pachitseko cha chipinda changa. Anali Lusiya, atanyamula mbale. M'mbalemo munali nkhuku ya m'sitolo, yokulunga m'pulasitiki, youma gwa ndi madzi oundana. Kumbuyo kwake, m'kanjira kaja, ndinaona mawondo a akamwini, atagwada.

Paja kwathu kuno chipongozi chimatha, koma chili ndi njira yake. Mkamwini akakhalitsa pabanja, ana atabadwa, akhalidwe ake ataoneka, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi. Iye amabweretsa nkhuku yamoyo, apongozi amaipha n'kuphika, ankhoswe amanena mawu, kenako awiriwo amapisa dzanja m'mbale imodzi anthu akuona. Kuyambira pamenepo ndi mayi ndi mwana.

Ndiye akamwini analankhula, koyamba kulankhula kwa ine mwini osadzera mwa munthu. Mawu awo anali asanabwerere bwino. Anati, "Amayi, pepani ndalumpha malire. Kuno nkhuku yamoyo sapezeka nayo munthu wamba, ndafunafuna ndalephera. Ankhoswe ali kutali. Chimene ndapeza ndi chimenechi. Mundilandire ndikhale mwana wanu, kuti tizikhala m'nyumba muno ngati anthu."

Ndinaiyang'ana nkhuku ija. Yopanda mutu, yopanda zipalapasiro, nthutumba mulibe, sindikudziwa anaipha ndani, liti. Panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe woti anene mawu. Mumtima munabwera mantha. Ine ndinaleredwa kuti mwambo ukauchita mokhota, tsoka lake silikugwera iwe, limagwera wamng'ono m'nyumba. Ndinayang'ana Tamanda ali pa bedi akuyamwa chala. Ndinatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Lusiya, uwauze bambo a Tamanda kuti ndathokoza kwambiri. Koma zinthuzi sizichitika chonchi."

Kenako ndinamva kuomba m'manja pang'onopang'ono, mawondo aja n'kuchoka. Lusiya anaima ndi mbale ija mpaka madzi anayamba kudontha pansi, kenako anakaibwezera m'filiji.

Masiku otsatira ndinasinkhasinkha. Ndikakhala, munthuyu abwerera m'galimoto, ndimamudziwa, ndipo ulendo uno tikamutenga ali mtembo. Nkhuku ndaikana. Ndinaona kuti njira yatsala imodzi. Nditamuuza Lusiya kuti andigulire tikiti, anagwada n'kundigwira miyendo. "Amayi, mwana watsala pang'ono. Dzulo lomweli amati 'ma, ma' akuloza kapu. Pirirani miyezi yochepa yokha." Ndinati ndapirira, koma mwana wa eni ndiye sapirira kawiri. Mutu wanga mukuudziwa ukalimba.

Pabwalo la ndege ndinamubereka Tamanda mpaka pamene amaletsa operekeza. Pomumasula anagwira chitenje osafuna kusiya, ndiye ndinangomusiyira. Mwezi womwewo anayamba kupita ku mkombaphala.

Nditafika kuno ndinapita kwa achimwene anga, agogo anu a Waisoni, amene ndi eni mbumba komanso ndiwo anali ankhoswe a ukwati wa Lusiya. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti mlongo wanga wasunga mwambo. Anayamba ndi kuseka, kuseka mpaka kutsamwa ndi fodya wawo. Kenako nkhope inasintha. Anati, "Iwe, foni kumeneko kunalibe? Tsiku lililonse unkandiimbira kufunsa za mbuzi zako. Ukanandiimbira, ine ndikanaitana ankhoswe a ku Chonde, tikananena mawuwo pafoni pomwepo, inu n'kudya nkhuku yanuyo." Ndinati nanga nkhuku yopanda mutu? Anati, "Mutu ukanadya iwe? Makolo athu pochoka ku Mozambiki anayenda pansi, ana kumsana. Ukuganiza anasenza makola a nkhuku? Agogo athu anathetsa chipongozi ndi mbale ya chinangwa, ndipo palibe mwana anafa." Nkhani ya chinangwayo ine ndinali ndisanaimvepo.

Ndinabwerera kunyumba ngati ndamenyedwa. Ndinamuimbira Lusiya kuti ndikufuna ndibwererenso. Koma mapepala a kumeneko si minibasi ya ku Limbe yoti ukatsika ukwera ina. Anayesa, anakanizidwa, anayesanso, kenako ine BP, kenako mawondo awa. Zaka zinangopita. Pafoni ankandionetsa mwana, ine ndikuti "omba m'manja, Tamanda," iye akungoyang'ana, kenako n'kutembenukira kwa mayi ake kulankhula Chingerezi chothamanga ngati cha pawailesi. Makolo ake ankayesa ndithu, koma munthu wofika kunyumba atatopa, wina akulowa wina akutuluka, angaphunzitse mwana chilankhulo nthawi yanji?

Ndiye iwe Yamikani, pasipoti katenge, ine sindikuletsa. Kuno ntchito kulibe, ndikuona ndi maso anga. Koma ukakafika kwa eni, zinthu zikakathina, usakaganize wekhawekha m'chipinda ngati agogo ako. Ukafunse. Akuluakulu amadziwa pamene mwambo umapindika osathyoka, ine ndinkangodziwa pamene umaletsa.

Chaka chatha mukukumbuka Lusiya anabwera ndi banja lake, nonse munalipo. Akamwini anakagula tambala wamkulu wakuda pamsika wa Chonde, wamoyo, akulira njira yonse. A Waisoni anakhala apo, ankhoswe a kwawo apo, mawu ananenedwa, tinapisa m'mbale imodzi. Inu munkalimbirana zipalapasiro kuseri. Mwambo wonsewo unatha msanga kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Akamwini ndinawayang'ana kumaso koyamba, ndipo ndinaona kuti ayamba imvi.

Chimene simunaone ndi cha mawa lake. Inu munapita kudambo ndi mayi anu. Ine ndinali pakhonde pompano, pamkeka womwewu. Tamanda anabwera, mtsikana wamtali, mwendo ngati wa mayi anga, nagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira. Anati, "Muli bwanji, agogo?" Ndinayamba kumuyankha, kuti ndili bwino mwana wanga, kaya iwe, wagona bwanji, udzudzu sunakulume, ukukumbuka nyimbo ija? Ndinaona maso ake akuthawira kwa bambo ake. Mawu amene anabwera nawo anali omwewo.

Bambo ake anakhala pansi chapafupi kuti azitimasulira. Tinacheza choncho, ine kunena, iwo kutembenuza, za sukulu, za mbuzi, za phiri. Kenako mwana ananena kanthu motsitsa mawu, akukanda mkeka ndi chala. Bambo ake sanamasulire. Ndinati, "Akuti chiyani?" Anati, "Aa, n'zachibwana, amayi." Ndinati nenani.

Anaweramitsa mutu nati, "Akuti amamva kuti munkamulera ali khanda, kenako munachoka. Ndiye akufunsa ngati munachoka chifukwa choti ankalira kwambiri."

Ana inu, mawu ndinali nawo odzaza nkhokwe. Ndinkafuna ndimuuze za chitenje, za phala, za m'mene ankandigwirira mphuno, kuti m'moyo wanga wonse sindinalerepo mwana wokoma mtima ngati iye. Koma onsewo anali m'chilankhulo chimene ndinapitira kukamupatsa n'kubwera nacho. Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Muuzeni kuti sankalira."

Bambo ake analankhula naye nthawi yaitali, kuposa mawu anga atatuwo. Zimene anamuuza sindikuzidziwa mpaka lero. Mwana anamvetsera, nagwedeza mutu. Kenako anasendera, nandisisita padzanja mwaulemu, monga achitira namwino kwa wodwala amene sakumudziwa. Anafunafuna m'mutu mwake kanthawi, mpaka anapeza mawu ena amene anatsala nawo.

Anati, "Zikomo, agogo."